Mphunzitsi wa Masamu ndi Sikelo Yoyeza Mafuta

Panali munthu wina, mphunzitsi wa masamu ku Balaka. Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa litakwera kale, anakhala pakhonde n'kumamanga zingwe za nsapato. Mkazi wake anamubweretsera botolo la madzi.

"Tengani, bambo a Ulemu. Kunjaku ndi moto."

"Kabwezeni. Madzi omwewo ndi amene akundisungira mafutawa."

Miyezi iwiri m'mbuyomo, dokotala anali atamuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, choncho aziyenda ndawala tsiku lililonse. Anamvera. Anagulanso sikelo yagalasi, imene wogulitsa anati imawerenga mafuta a m'thupi munthu akangoimapo wopanda nsapato.

Kuyendako kunamuyanja. Anasiya kuliza mkonono. Phuma limene linkamugwira pokwera masitepe a kusukulu linatha. Mkazi wake ankaona zonsezi, ndipo ankamuuza. Koma iye akabwera koyenda, thukuta lili kamukamu, asanamwe kanthu, ankapita kukaima pasikelo paja. Sikelo inkati mafuta ndi 31 pa 100. Mawa lake inkati 32.

Sikelo yotere siona mafuta. Imadutsitsa timagetsi tochepa m'miyendo, kenako n'kungoyerekeza. Magetsi amayenda bwino m'thupi lokhala ndi madzi okwanira. Thupi likauma, sikelo imati mafuta achuluka. Wogulitsa uja sananene zimenezi. Mwina sankadziwa. Mwina ankadziwa.

Mphunzitsiyu anali atatha zaka makumi awiri akuuza ana a eni kuti nambala sinama. Ndiye anawonjezera mtunda. Anayamba kuvala jumbo lakuda m'kati mwa juzi kuti thukuta lichuluke. Kumwa anachepetsa. Sikelo inati 34.

M'mawa wa Loweruka lija mkazi wake sanasunthe pakhomo, botolo lili m'manja.

"Ndiye mukhulupirire galasi, osati ine amene ndimakuonani tsiku ndi tsiku?"

"Inu mumandiona ndi maso achikondi, mayi a Ulemu. Chinthu ichi sichikondera."

Anamwetulira, n'kunyamuka wopanda madzi. Cha m'ma leveni, akabaza anamupeza atagwa m'mbali mwa njanji. Kuchipatala anafika atatsirizika kale.

Inu amene mwayamba kulimbitsa thupi, mverani. Sindikukuuzani kuti musiye. Kuyenda sikunamuphe munthu uja, kunali kumuchiritsa. Chimene chinamupha ndi nambala yongoyerekeza, yogulitsidwa ngati chigamulo cha khoti. Nambalayo imasintha mukamwa tiyi, imasintha mukatuluka thukuta, imasintha mapazi akakhala ouma ndi ang'alu. Ngati simungathe kukhala osaimapo, imanipo kamodzi pa sabata, nthawi imodzimodzi, musanapite koyenda, ndipo muziona za miyezi, osati za dzulo ndi lero. Imwani madzi. Ndipo munthu amene amakukondani akakuuzani kuti mukupeza bwino, musamuyankhe ndi nambala. Galasilo silidzavala zakuda chifukwa cha inu. Wogulitsa sadzabwera pamaliro. Adzakhala ali pashopu, akuuza wina zomwezo.

Pomuveka mphunzitsi uja suti yake yakale yoti apite nayo kumanda, inamukulira. Anachita kuipinda kumsana n'kuigwira ndi mapini anayi.