Tsiku Limene Gologolo Anasambitsa Mmbulu

Chaka chimenecho ku Kareliya, dera lozizira la kutali kumpoto, chisanu chinabwera chokwiya. Chipale chofewa chinakwirira nkhalango yonse, ndipo gologolo wina dzina lake Sirka, wolongolola kuposa msinkhu wake, anaiwala pamene anabisa mtedza. Njala itamupana, anazembera m'sauna ya Mayi Hilja, mayi wamasiye wa kumapeto kwa mudzi.

Sauna ndi kanyumba kamitengo komwe anthu akumeneko amasambira nthunzi. Amatenthetsa miyala, kuithira madzi, n'kumakwapulana ndi nthambi zamasamba kuti thukuta lituluke bwino. Linali Loweruka madzulo, banja litangosamba kumene, miyala ikadali yotentha. Sirka anali atangodzaza masaya ndi balere amene mayiwo ankaumitsa pakona, pamene chitseko chinalira. Analowa Tarmo, mmbulu wokalamba wa nthiti zoonekera, n'kutseka ndi mwendo wakumbuyo.

Sirka anachita mantha zedi. Potulukira pena panali kabowo ka utsi pamwamba, koma kanali kotsekedwa ndi chisanza chothina chimene iye sakanatha kuzula. Lilime lokha ndi limene silinamuthawe.

"Amalume, mwaiwala pamene mwaima? M'nyumba muno amayi amaberekeramo ana. Inu mukufuna kukhetsa magazi muno?"

Tarmo anagwetsa makutu, pakuti ngakhale mimbulu imadziwa kuti m'sauna sayambaniramo. Anati palibe vuto, adikira, amudyera pakhomo potuluka. Sirka anayamikira nzeruzo, nati podikirapo wamkulu ngati iwo sangakhale pansi ngati mwana, malo awo ndi benchi yapamwamba. Sananene kuti pamwambapo ndi pamene pamatentha kwambiri. Tarmo anakwera, chifuwa chili patsogolo.

Sirka anakankha chikho cha madzi ndi timanja tonse tiwiri, madzi n'kugwera pamiyala, nthunzi kuti tolo. Tarmo anatsinzina. Sirka anafunsa mwaulemu ngati alekere pomwepo, poti sabata yatha a Chimbalangondo anakhala pa benchi yomweyo n'kumadandaula kuti kukuzizira, koma paja mphamvu zimasiyana.

"Thira," anatero Tarmo. "Chimbalangondo ndi mwana kwa ine."

Anathira, n'kuthiranso. Kenako anatola nthambi zimene banja lija linasiya, nayamba kumukwapula pamsana, m'nthiti, ndi pamphuno pomwe, uku akupepesa kuti timanja take n'tofooka. Ine sindinamvepo kwina kuti gologolo anamenya mmbulu, mmbuluyo n'kumathokoza, koma Tarmo ankathokoza ndithu, lilime lili lende pachifuwa.

Chikho china chitatsanulidwa, maso a Tarmo anafiira psuu. Kutsika kunamuchititsa manyazi, choncho ananamizira kuti utsi wa mayiyu ukumutsokomoletsa, naluma chisanza chija n'kuchizula yekha. Sirka anamukwera pamsana, kumuponda pamphuno, n'kutulukira pakabowo.

Wanzeru akanathawiratu. Koma Sirka chimwemwe chinamuledzeretsa, ndipo anakhala padenga kuti aone nkhope ya amalume ake. Tarmo anatuluka akudzandira, thupi lonse likufuka. Sirka anamukumbutsa mokoma mtima kuti akuluakulu amatsiriza kusamba pogubuduka m'chipale. Ndi mmene thupi linkamuyakira, Tarmo sanadikire kuuzidwa kawiri. Anagubuduka mpaka kukhutira, ndipo podzuka ubweya wake wonyowa unali utaundana timibulumibulu tolira ngati chisekese akangosuntha.

Sirka anaseka mpaka misozi. Atati adumphire pamtengo, anapeza kuti sakuchoka. Mchira wake nawo unali wonyowa, ndipo pamene ankaseka unaundana n'kumatirira kudenga. Tsono denga la sauna ndi lalifupi. Tarmo anaimirira ndi miyendo yakumbuyo, akulira wayawaya thupi lonse, mpweya wake n'kufika pandevu za Sirka.

"Kunotu n'kunja, mphwanga," anatero pang'onopang'ono.

Kuseka kunatheratu. Sirka anakoka, mchira unakana. Anayesa kunena kuti denga nalo ndi mbali ya sauna, koma Tarmo anali atatopa ndi malamulo. Mano atatsala pang'ono kumufika, Sirka anatseka maso n'kudziponya ndi mphamvu zonse, ubweya wonse wa kumchira n'kutsala padenga.

Anafika panthambi mchira uli mbee ngati wa khoswe, ukuwawa ngati moto. Ankafuna kulira ndithu. Koma phokoso la Tarmo linali litadzutsa agalu a Mayi Hilja, ndipo Sirka ataona mmbulu akuthawa chodumphadumpha, chisekese chake chikuimbira agaluwo njira, phwete linamubwereranso. Anamufuulira kuti Loweruka likubwerali asachedwe, benchi yawo aisunga.

M'nkhalango monsemo munalibe mmbulu waukhondo kuposa Tarmo tsiku limenelo, kungoti anagona ndi njala.