Thuza la Chilombo cha Mitu Itatu

Kale, pamene anthu ankapempha mvula ndi mapazi awo, a m'mudzi wa Kaphande ankayenda masiku asanu ndi limodzi kupita kukachisi wa paphiri la Nthumba. Ulendowo udali ndi malamulo awiri okha: usanyamuke utavala nsapato zatsopano, ndipo podutsa chigwa chouma cha pakati usakhale pamphasa imene sudaisenze wekha.

Chaka china mnyamata wotchedwa Dzinkambani adalowa nawo m'gulu. Amalume ake a Gwirize, osoka nsapato zachikopa, adamuuza kuti avale zakale zija zimene zidazolowerana ndi phazi lake. Iye adaseka, nati sangakaonekere pakachisi ndi zigamba. Adavala zatsopano zolira poyenda, nasenza mtolo ngati munthu wosamuka. Tsiku lachitatu, ali m'chigwa chija, matuza adamutuluka. Anzake adatsogola kukafuna madzi, ndipo pobwerera adapeza mtolo wokha. Paja samva za anzake adamva nkhwangwa ili m'mutu.

Mlongo wake Sekanawo adali kamtsikana kowonda kamene kankafewetsa zikopa za amalume, ndipo palibe amene ankakafunsa nzeru. Uthenga utafika kumudzi, iye adanena kuti akawatenga achimwene ake, ndipo anthu adaseka. Ataona kuti tsiku lomwelo sadanyamuke, adasekanso kwambiri. Amayi ake adamukalipira akulira, kuti ngati n'zoona apite lero lomwe. Mtima unkamupweteka Sekanawo, koma adangoyankha kuti kuthamanga si kufika.

Masiku anayi adawathera pokonzeka. Adasokanso zingwe za nsapato zake zakale. M'mawa ndi madzulo ankadzola mapazi mafuta a nsatsi. Ankalongedza thumba, kuzungulira nalo mudzi katatu, n'kuchotsamo chilichonse chomukoka phewa. Mudatsala chipanda cha madzi, mtedza wokazinga, kansupa ka mafuta, munga wa mthethe woboolera matuza, ndi kamphasa kake. Chinthu chimodzi chokha cholemera adakana kuchichotsa, nsapato zazigamba za achimwene ake.

Pofika m'mphepete mwa chigwa adapeza bongololo akupsa pamchenga. Adamunyamula namuika pamthunzi, namudonthezera madzi. Bongololo, amene za mapazi amazidziwa kuposa wina aliyense, adamuuza kuti pakati pa chigwacho pali chilombo cha mitu itatu chimene chimasanduka mayi wachifundo wokhala ndi mphasa. Chimameza wokhala pamphasa ya eni basi, wina sichingamukhudze. Adatinso amene chawameza samwalira, amatsikira kuphazi lake. Nsapato zawo chimakoloweka mumtengo, koma ichocho sichidayendepo kupitirira mthunzi wake.

Dzuwa lili paliwombo Sekanawo adauona mtengowo, nsapato zili lende ngati zipatso, ndipo pansi pake padali mayi akumwetulira.

"Khala apa, mwana wanga, upumule," adatero mayiyo akusasa mphasa.

"Zikomo amayi, ndili ndi kanga," adayankha Sekanawo, nayala kamphasa kake.

Pomwepo khosi la mayiyo lidang'ambika patatu, mitu itatu n'kutuluka, mano ngati makasu. Mutu wapakati udamufunsa ndagi, kuti n'chiyani chimapepuka m'mawa n'kulemera madzulo, nuti akalephera asamukire pamphasa yaikuluyo. Sekanawo adayankha kuti ndi katundu wa wapaulendo. Mitu idayamba kulozana chala kuti ndagi yophweka chotero adasankha ndani.

Mkangano uli mkati, mtsikanayo adaponyapo mawu ake. Adati akudabwa kuti agogo aakulu chonchi amadikira munthu mmodzi pachaka, pamene kukachisi anthu mazana amakhala pamphasa zobwereka. Adati njira akuidziwa. Malovu adatuluka pakamwa patatu nthawi imodzi.

Chilombo chidakonzeka monga amakonzekera wosadziwa ulendo. Chidasankha nsapato zowala kuposa zonse, za Dzinkambani, n'kukankhiramo mapazi ake mwamakani. Chidasenza mphasa, mitondo, ndi nsapato zonse za mumtengo. Madzi a masiku atatu, mitu itatu idamwa asadathe ngakhale mtunda umodzi. Sekanawo ankayenda pang'onopang'ono, kumwa kamodzikamodzi, kupuma pakamphasa kake, n'kuvula nsapato kuti mapazi apitidwe mphepo. Chilombo chidati kuvula n'kwa ana.

Tsiku lachiwiri masana chidagwa pathanthwe lotentha, malilime atatu ali panja. Pachidendene pake padali thuza lalikulu ngati dzungu.

"Mdzukulu wanga, ndichotse moto uwu," udalira mutu wakumanzere.

"Tambasulani mwendo, agogo. Ntchito imeneyi ndimaidziwa."

Adatulutsa munga wa mthethe, naboola pansi pa thuzalo monga amachitira aliyense wodziwa kuyenda. Madzi adatuluka ngati mtsinje wosefukira, ndipo m'madzimo mudatuluka anthu, amuna ndi akazi a zaka zambiri zapitazo, akutsokomola ndi kuphethira padzuwa. Chilombo chidafota, chidauma, mpaka chidasanduka chulu cha nsonga zitatu.

Sekanawo sadachiyang'ane n'komwe. Ankawerenga nkhope, ndipo nkhope imene ankafuna siinkaoneka. Madzi atatsala pang'ono kuleka, wotsiriza, Dzinkambani, adatuluka chokwawa, poti mapazi adali akadali zilonda. Apo mtsikanayo adakhala pansi n'kulira, kulira kwa munthu amene watula katundu.

Adawatsuka mapazi achimwene ake, nawadzoza mafuta otsala m'kansupa. Opulumuka aja adayamba kufunafuna nsapato zawo mumulu umene chilombo chidagwetsa. Dzinkambani adaziona zake zowala zija pafupi ndi chulu, nayang'ana kumbali mwamanyazi. Sekanawo adamasula thumba.

Onse adakafika kukachisi, ndipo pobwerera mvula idawapeza panjira. Ku Kaphande amayi adavina m'matope, a Gwirize adalengeza kuti kuyambira chaka chimenecho palibe wonyamuka thumba lake lisadaonedwe ndi Sekanawo. Koma chimene iye ankakonda kukumbukira ndi cha pathanthwe paja, pamene Dzinkambani adavala zigamba zake, naponda pansi kawiri.

"Zikundikwana bwino, mlongo wanga," adatero motsitsa mawu.

"Zinkakukwanani kale, achimwene. Tiyeni, dzuwa likupita."