Chifukwa Chake Anyamata a ku Brennock Amaimba Nyimbo Ziwiri Nthawi Imodzi

Nkhani imeneyi ndinaimva ndikukazinga masoseji. Usaseke, Tiyese. Amalume ako agwirapo ntchito zambiri, ndipo kumene miyendo yanga inapumulako pang'ono kunali ku Melbourne, m'dziko la Australia, komwe ndinkatchetcha udzu pabwalo la mpira la timu yotchedwa Brennock. Loweruka ndinkathandiza pakantini. Tsiku lina timu yathu itapambana, ndinamva chiphokoso m'chipinda chovalira, ngati achule a m'dambo alowerera kwaya ya pamaliro. Ndinaponya foloko pansi poganiza kuti kwabuka ndewu. Mayi amene ndinkagwira nawo ntchito, a Noreen, anandigwira mkono n'kundiuza kuti anyamatawo akuimba. Ndiye anandifotokozera chiyambi chake.

Muyambe mwaudziwa mpira wake, ana inu. Si uwu wa mapepala mumaswera mawindo a mayi anu. Wawo ndi wautali ngati papaya, ukagunda pansi umalowera komwe wafuna wokha. Amaugwira ndi manja, kuumenya ndi chibakera, ndipo munthu akhoza kukwera pamsana pa mnzake kuti auwakhe m'mwamba, woimbira osaliza wezulo. Timu ikapambana, osewera amakolekana manja m'mapewa, kupanga bwalo, n'kuimba nyimbo ya timu yawo. Yogonja siimba.

Kalelo, nyumba zisanathithikane, kunali matimu awiri. Kumtunda kunali oumba njerwa a ku Brennock, kumunsi tsidya la kamtsinje kunali alimi a zipatso a ku Tallow. Ankadana mokoma, udani wa anthu ogula buledi pagolosale imodzi. Kenako fakitale ya njerwa inatsekedwa, minda ya maapozi inadulidwa, anyamata n'kubalalika kukasaka ntchito. Akuluakulu oyendetsa ligi anawauza mosapita m'mbali kuti aphatikizane, apo ayi onse afufutidwe ndipo pabwalopo pamangidwe nyumba.

Anakumana. Za mayunifolomu sizinavute, anangosoka mizere ya mitundu yonse iwiri, osewera n'kumaoneka ngati matilesi. Dzina anatenga la Brennock, bwalo n'kutenga la ku Tallow. Zinavuta ndi nyimbo.

Kumbali ya njerwa kunali a Des Kerrigan, bambo wamkulu khosi ngati ng'ombe yapangolo. Nyimbo yawo anaipeka ndi bambo awo ali pa uvuni, ndipo inali yolemera, yoyenda pang'onopang'ono ngati munthu wosenza njerwa. Kumbali ya zipatso kunali a Thelma Vassos, mayi wamasiye wamfupi amene ankachapa mayunifolomu a timu. Yawo anaipeka ndi malemu amuna awo, ndipo inkathamanga ngati mwana wakuba maapozi. A Des ananena kuti nyimbo ya bambo awo ikatayidwa, achoka ndi ana awo ndi adzukulu omwe. A Thelma anati iwonso chimodzimodzi, ndipo mayunifolomu azichapa ndi mvula. Mbali imodzi ikanachoka, osewera sakanakwana, timu ikanafera pomwepo.

Wapampando anali a Len Pruitt, wometa tsitsi. Anawasankha chifukwa mitu ya mbali zonse ziwiri inkadutsa m'manja mwawo. Analinso wosunga nthawi, woliza belu lothetsa masewero. A Len sanakwatire, analibe mwana, banja lawo linali timu yomweyo. Anaimirira, nakanda pachibwano, n'kunena kuti:

"Anzanga, nyimbo ndi ya opambana. Taonani anyamata tili nawowa. Tidzakambirana tsiku limene tidzapambane."

Anthu anayang'ana osewera awo, wina wamimba, wina wachifuwa cha mphumu, wina woti akathamanga magalasi amagwa, ndipo onse anavomereza kuti wapampando walankhula zanzeru.

Ndiye anayamba kugonja. Anagonja padzuwa, anagonja pamatope. Anagonja kwawo, anakwera basi kukagonja kwa eni ake. Ndipo mtendere unali wosaneneka. A Des ankanyamulira a Thelma dengu la zochapa. Mwana wa a Des anakwatira mwana wa a Thelma, ndipo a Noreen amene anandiuza nkhaniyi anabadwira m'banja limenelo. Loweruka lililonse a Len ankaliza belu lawo ndi mtima woyera, n'kupita kukagona tulo tabwino.

Koma ana amakula, Tiyese, ngakhale iwe udzakula. Ana a m'nyumba zatsopano zomangidwa m'minda ija analowa timu, amiyendo italiitali, osadziwa za njerwa kapena maapozi. Loweruka lina kunabwera timu yonyada ya kumpoto kwa mzinda, yomwe inkawagonjetsa chaka ndi chaka. Masewero akupita kumapeto, a Len anakweza maso pabolodi la zigoli n'kuona zoopsa. Brennock inali patsogolo.

Anayang'ana kumanzere, a Des akukonza kukhosi. Anayang'ana kumanja, a Thelma avula epuloni. Nthawi inakwana, dzanja la a Len lili pachingwe cha belu, koma silinakoke. Mumtima ankati alendowa angogoletsa kamodzi, tigonje mwaulemu monga mwa masiku onse, timu ikhalepo. Anadikira. Wosunga nthawi wa alendo, amene anakhala pambali pawo, anangoyang'ana kumwamba ngati wotchi yake yafa, poti zinkamukomera. Mpira unagunda pansi, n'kudumpha mokhota monga umachitira, n'kugwera m'manja mwa mnyamata wa Brennock. Anaumenya n'kudutsa pakati penipeni pa mitengo ya pagolo. A Len anaona kuti akapitiriza, anyamatawa agoletsanso. Analiza belu ngati akulengeza maliro.

M'chipinda chovalira osewera anakolekana manja, bwalo n'kukwana. Koma palibe amene ankadziwa choimba. A Len anaima pakhomo chipewa chili m'manja. A Des anatsegula kukamwa n'kuyamba ya njerwa. Mzere woyamba usanathe, a Thelma anakwera pabenchi n'kuyamba ya zipatso. Anyamata aja aliyense anagwira imene anaimvapo kwa agogo kapena kwa aneba, ena n'kumalumpha uku ndi uku. Woyamba kusiya ndiye akanakhala wogonja, choncho panalibe wosiya. Ya a Thelma, poti ndi yothamanga, inkatha msanga, iwo n'kuibwereza. A Des nkhope inafiira ngati njerwa yopsa.

Zitatha, awiriwo anayang'anizana akupuma mwawefuwefu. A Des anatola jekete lawo. A Thelma anayamba kupinda epuloni. A Len anadziwa kuti timu yatha.

Pomwepo wina anagunda khoma. Linali la matabwa opyapyala, ndipo kuseri kwake kunali alendo ogonja aja. Kaputeni wawo anafuula kuti kugonja avomera, koma chonde, m'dzina la chifundo, asadzaimbenso chinthu chimenecho pali anthu.

A Des anaimitsa dzanja m'kati mwa jekete. Anatembenukira kwa a Thelma.

"Asebere, mwamva? Akuti zawapweteka."

"Ndamva. Yanuyo ndiye yawapweteka kwambiri, ndi yoipa kuyambira kale."

"Yanunso si yabwino."

"Ndiye mukudikira chiyani? Yambani, ine ndikupezani."

Anaimbanso, ulendo uno atayang'ana kukhoma. A Len anakhala pansi pa dengu la zochapa n'kulira, anthu n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe cha kupambana.

Ndi chifukwa chake mpaka lero anyamata a ku Brennock akapambana amaimba nyimbo ziwiri nthawi imodzi, onse atayang'ana kukhoma la alendo. Chipinda chija anachimanganso ndi njerwa, koma khoma limenelo analisiya la matabwa.

Ayi, Tiyese, sindikuimbirani. Munthu mmodzi sangathe, pamafunika awiri osagwirizana, ndipo mayi ako akukana. Tandipatsira chikwama changa icho. Lole ya ku Mwanza imanyamuka anthu akamaliza kudya, ndipo dalaivala wake sadikira munthu.