Ng'ona, Chigubu ndi Bwato la Botomani

Kalekale, koma osati kale lija njinga ndi zigubu zisanafike kuno, kumunsi kwa Shire komwe mtsinje umamwazikana n'kusanduka dambo, kunali msodzi wina dzina lake Botomani. M'mudzi monse iye yekha ndiye anali ndi bwato la mbawa komanso ukonde weniweni wogula kusitolo. Zinthu ziwirizi zinamupatsa matama. Akamadutsa padoko ankayang'ana anzake osauka akusodza ndi zotolatola, n'kufunsa kuti, "Kodi inu mukupha nsomba kapena mukutsuka zinyalala?"

Anthu amene Botomani ankawanyoza kwambiri anali atatu. Nachanza, mayi wamasiye, ankalumikiza maneti akutha a udzudzu n'kupanga khoka, ndipo chingwe chake ankachipota yekha ndi linya, ulusi uja amasolola m'matayala akale. Chingwe chimenecho ngakhale ng'ombe sikanachidula. Layisoni anali munthu wa zotchipa. Tsiku la msika ankadikira kuti ogulitsa ayambe kulongedza, n'kugula zigubu zong'aluka, kuzimata ndi pulasitiki yosungunula kuti ziziyandamitsa ukonde. Kalitera ankakonza njinga, ndipo masipoko othyoka sankataya. Ankawanola pamwala, kuwamangirira kunsungwi ndi mphira ya chubu, n'kumabayira milamba m'matope.

Chaka china mvuu inang'amba ukonde wa Botomani osasiya posoka. Mwezi wathunthu bwato linakhala pamtunda, kunyumba ndiwo kulibe. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho m'mawa wina mkuluyu anapita kwa atatu aja atagwira chipewa m'manja.

"Abale anga, ine ndili ndi bwato, inu muli ndi zipangizo. Bwanji tiphatikize?"

"Lero zasanduka zipangizo?" anatero Nachanza. "Dzana zinali zinyalala, bambo."

Komabe anavomera, poti njala inali m'nyumba zonse zinayi.

Tsiku lopita kudambo, Layisoni anabwera ndi chigubu chachikulu chachikasu. Anali atachigula pamtengo wozizira kwa munthu wopha mbuzi pamsika, amene ankasungiramo magazi. Fungo lake linkafika munthu asanafike.

"Achimwene, m'chigubu chanuchi mwafera chiyani?" anafunsa Kalitera atatseka mphuno.

"Iwe, nsomba zilibe mphuno," anayankha Layisoni, n'kuchimangirira kukhoka.

Amati tsoka silinunkha, koma ili linanunkha, ndipo anthu anayi akuluakulu analimva n'kungoseka.

Dzuwa lili paliwombo, anafika pamalo pomwe madzi amazungulira pansi pa mtengo wa mkuyu. Nachanza anatsala kumtunda ndi nsonga imodzi ya chingwe. Botomani analowa m'bwato ndi nsonga inayo, ndipo poti manja onse ankafunika pankhafi, anadzimanga chingwecho m'chiuno. Anapalasa mozungulira, khoka likutambasuka pambuyo pake. Lisanatsekeke, linakodwa pachitsa cha pansi pamadzi, pafupi ndi chigubu chachikasu chija. Botomani anatsika m'bwato, madzi akulekeza m'chifuwa, n'kupisa dzanja lamanja pansi kuti awonjole khokalo.

Madzi anaphulika. Ng'ona yaitali kuposa bwato inamugwira mkono pamwamba pa chigongono, ndipo fupa linamveka kuti thyo mpaka kumtunda. Botomani anakuwa kamodzi kokha, kenaka mutu wake unamira. Pamadzi panafiira.

Nachanza anamva chingwe chikuthamanga m'manja mwake ngati moto. Sanachitaye. Anachikulunga padzanja, n'kuthamanga kuzungulira mkuyu kawiri, n'kuponda muzu ndi mapazi onse. Ng'ona inkakokera kwakuya, mayiyo akukokera kumtunda, Botomani ali pakati. Linya linadya mnofu mpaka kufika pafupa, zala ziwiri za Nachanza zinagwera pamchenga, koma iye anangoluma mano. "Sumutenga! Ndati sumutenga!" ankakuwa choncho. Ng'ona itaona kuti nyama yake sikuyenda, inayamba kudzigubuduza, ndipo pogubuduka kachitatu mkono wa Botomani unatsala wolendewera pamtsempha.

Kalitera anathamanga m'bango ndi mkondo wake wa masipoko mpaka madzi anamufika m'chiuno. M'thovu lamagazi lija sankatha kuona bwino kuti munthu ndi uti, chilombo ndi chiti. Anabaya ndi mphamvu zonse. Mkondo unalowa m'diso lamanzere la Botomani. Kalitera anauzula akulira, "Mayo ine, ndapha munthu!" Koma sanathawe. Anadikira mutu wa ng'ona utatuluka, n'kubayanso, ndipo masipoko onse anayi analowa m'diso la chilombocho n'kuthyokera momwemo. Ng'ona inayasamula, Botomani n'kumasuka.

Layisoni anali atadziponya kale m'madzi. Anafika pomwe Botomani ankamira n'kumugwira tsitsi, koma ng'ona yolusa ndi ululu inatembenuka, kukamwa kuli yasa, ikulunjika mutu wa wovulalayo. Layisoni analibe mpeni, analibe ndodo. Anadzula chigubu chachikasu chija n'kuchikankhira kukhosi kwa ng'ona ndi manja awiri. Mano anatsekera pachigubu, chigubu n'kukakamira pakhosi. Mchira wa chilombocho unamumenya Layisoni pachifuwa n'kuthyola nthiti zitatu, komabe anamubereka Botomani mpaka pamchenga, akusanza magazi njira yonse.

Botomani sanafe. Anamumanga paphewa ndi mphira ya chubu, anamuthamangitsira kuchipatala, ndipo patatha miyezi iwiri anabwerera kumudzi alibe mkono wamanja, alibe diso lamanzere. Munthu uja wa matama tsopano ankalephera ngakhale kumanga lamba wa buluku lake, ndipo amene anamuona anamva chisoni, ngakhale aja ankawatukwana.

Tsiku lina anaitana atatu aja padoko pomwe panali bwato.

"Ine nkhafi sindidzagwiranso," anatero. "Bwatoli ndipereka kwa amene anapulumutsa moyo wanga, ndipo iyeyo azindipatsako ndiwo mpaka ndidzafe. Koma likhale la munthu mmodzi. Bwato la anthu atatu palibe amalimata likabooka, aliyense amati amata mnzanga. Ine tsiku lija ndinali pansi pamadzi, sindinaone kanthu. Ndiuzeni nokha, anandipulumutsa ndani?"

Nachanza anatukula dzanja lake la zala zitatu. "Bambo, pakanapanda chingwe changa, awa akanabaya chiyani? Akanabereka ndani? Bwenzi muli kuphanga kwa ng'ona, mukuwola."

"Chingwe chanucho ndicho chinadula mkono, mayi," anatero Kalitera. "Munakoka munthu ngati mukukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Ng'ona siikanagubuduka mukanapanda kulimbana nayo. Amene anatsegula kukamwa kwake ndine."

"Iwe usayankhule n'komwe," analowerera Layisoni, atagwira nthiti zake. "Ng'ona inadya mkono, diso unadya ndiwe. Ndipo utaikwiyitsa inabwerera kudzatenga mutu. Amene anaima pakati pa mano ndi mutu wa a Botomani ndine."

"Nanga inaitanidwa ndi ndani ng'onayo?" anakuwa Nachanza. "Zaka khumi ndakhala ndikukoka khoka pansi pa mkuyu uja, sindinaonepo ngakhale mchira wake. Inabwera kutsata magazi a mbuzi a m'chigubu chako chotchipacho!"

Apa mawu anatha, manja anayamba. Layisoni anamenya Kalitera chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwa. Kalitera anatola nkhafi n'kumuphwanya nayo pamsana, pomwe nthiti zinali zisanapole. Nachanza anathamangira kunyumba n'kubwera ndi nkhwangwa, akuti ngati bwato silikhala lake aliwaza likhale nkhuni. Zinatengera amuna asanu kuti amulande. Anthu atatu amene analimbana ndi ng'ona limodzi osaopa imfa, tsiku limenelo anatsala pang'ono kuphana chifukwa cha mtengo wogoba, ndipo ine zimenezi zimandinyansa kuposa ng'ona.

Kuyambira pamenepo atatuwa sapatsana moni. Akuluakulu a m'mudzi anakhalirapo katatu, katatu konse anabalalika atagawikana. Bwato lili pamtunda, dzuwa likuling'amba pang'onopang'ono, ndipo mng'alu wayamba kale kumutu kwake. Botomani amakhala pambali pake tsiku lonse, akulisisita ndi dzanja lake limodzi, kunyumba ana akudya zopanda ndiwo. Aliyense wodutsa amamufunsa funso lomwelo, ndipo palibe wamuyankha zomukhutiritsa.

Tsono inu mwamva zonse, ndipo simuli mbale wa aliyense mwa iwo. Wina anamugwira kuti asapite kwakuya koma anamudulitsa mkono. Wina anatsegula kukamwa kwa ng'ona koma anamuboola diso. Wina anatchinga mutu wake ndi chigubu chomwe chinaitana chilombocho. Bwato ndi limodzi, ndipo likakhala mwezi wina padzuwa silidzayandamanso. Botomani alipereke kwa yani?