Mbande Zotupa za Bulugamu

Kunsi kwa phiri lina kunali mayi wofesa mbande za bulugamu. Anthu a m'mudzimo ankamudalira, moti anapangana kuti mvula ikagwa adzatenga mbande zake n'kukabzala paphiripo, poti mitengo inali itatha psiti.

Mvula ili pafupi, mayiyo anaona timatuza m'mitsempha ya masamba. Kachilombo kena konga kamavu kanali kataikira mazira m'menemo. Anagula mankhwala, nabwereka sipuleya, napopera. Anapopera kachiwiri, kachitatu, mpaka manja kuyabwa. Timavu touluka tinafa ndithu, koma timatuza tija sitinaphwe.

Mvula inagwa Lachinayi. Pofika Loweruka m'mawa maenje anali atakumbidwa, ndipo nyimbo zinkamveka, anthu akubwera ndi mabeseni kudzasenza mbande. Mayi uja mtima sunakhale m'malo. Anathyola tsamba, natenga lezala, nang'amba thuza limodzi. M'kati munali kamphutsi koyera, kamoyo, kakugwedera. Anang'amba lina, chimodzimodzi.

Mwamuna wake anasuzumira kunjira, nanong'ona: "Mayi a Tiyanjane, tayani masambawo msanga. Mwapopera katatu konse, angakuimbeni mlandu ndani? Anthu afika kale pamlatho."

Zoonadi, tsikulo palibe akanadziwa. Zikanaululika chaka chamawa, mitengo ya phiri lonse itapinimbira, ya m'minda ya anansi nayonso itagwidwa. Mayiyo anachita mantha, manyazi anamugwira. Komabe anazula mbande zonse, mzere ndi mzere, naziunjika pabwalo pa mapesi ouma amene anakatenga pakhonde, nayatsa moto.

Anthu anafika utsi uli tolotolo, nyimbo n'kudukira pakamwa. Ena anamunyoza pamaso, ena anangotembenuka ndi mabeseni awo opanda kanthu. Iye anaima pomwepo misozi ili chuchuchu, akuonetsa kamphutsi kaja kwa aliyense wofuna kuona. Chaka chimenecho maenje a paphiri anangodzaza madzi.

Abale anga, mankhwala si oipa, amaphadi zouluka. Koma chimene chinalowa kale m'kati sachifikira. Ambirife timadziwa kupopera kunja, kuti akatifunsa tinene kuti tinayesetsa. Inu amene mukundimvanu, thuza limene mukuopa kuling'amba mukulidziwa. Ling'ambeni lero, ngakhale akusekeni, anzanu asanasenze n'kukabzala kwawo.