Kansanza Kotsalira Mumsoko

Panali telala wina amene ankasokera pakhonde la golosale. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Mwandida. Mwanayo anabadwa ndi kachotupa kumapeto kwa nsidze, kochepa ngati nyemba. Sikankapweteka. Koma mwana akamakula nakonso kankakula, mpaka kanayamba kupsinja chikope.

Tsiku lina telalayo ali kuntchito, kunyumba kunafika mlamu wake, malume wa mwanayo. Iye anati ndi chithupsa chokana kupsa, ndipo anachiboola ndi singano. Mafinya sanatuluke. Munatuluka mafuta achikasu, ndi katsitsi.

"Tsitsi limalowa lokha m'thupi la mwana?" anafunsa malumeyo. "Anamumeta ndani tsitsi lobadwa nalo?"

Onse ankadziwa. Anamumeta ndi azakhali ake, mchemwali wa telalayo, mayi amene sanaberekepo. Kuyambira tsikulo, Mwandida akati athamangire azakhali akewo, wina ankamukoka dzanja.

Chotupa chinaphwa, kenako chinadzazanso, tsopano chofiira ndi chotentha. Malume anabweranso, nampeza telalayo ali ndi mwana pakhonde paja, lezala lili m'manja.

"Alamu, gwirani mutu. Ndizamitse pang'ono, zonse zituluke."

"Pafupi ndi diso pamenepo?"

"Inu mumadziwa malaya. Mwana wa mbumba yanga ndisiyireni."

Telalayo sanakangane naye. Anavindikira makina, natenga chitenje, nabereka mwana kumbuyo. Amuna a pabawo anamuseka kuti kwatsala n'kuyamwitsa. Iye sanacheuke mpaka kuchipatala.

Dokotala anayeza mwanayo, namujambula kuti aone pamene chotupa chinalekezera. Kenako anafunsa, "Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimasoka."

"Ndiye simuvutika kumva. Mwana akamaumbika m'mimba, nkhope imalumikizana ngati nsalu. Nthawi zina kachikopa kamatsekeredwa mumsoko, n'kukhala kathumba. Chikopa sichidziwa kuti chili m'kati. Chimangopitiriza ntchito yake, kutulutsa mafuta ndi kumera tsitsi."

"Ndiye palibe anaikamo?"

"Palibe. Anabadwa nako. Mukaboola, kathumbako kamatsala n'kudzazanso, ndipo mumalowetsamo matenda. Tiyambe taphwetsa kutupaku ndi mankhwala. Kenako timugonetsa, tikachotse konse kathunthu."

Telalayo anabwerera kunyumba ndi mawu oti kugonetsa. Mkazi wake atamva analira, nati mwana wamng'ono chotere sangadzuke. Telalayo anakhala naye pansi, namufotokozera zonse zimene anamva, mpaka mayiyo anapukuta misozi n'kuyamba kulongedza tizovala. Tsiku lake litakwana, anapita onse awiri.

Kathumbako katachotsedwa, Mwandida anadzuka akufuna madzi. Pansidze panali timisoko tating'ono, ndipo telalayo anatiyang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Adokotala, dzanja lanu lili bwino," anatero. "Bwenzi nditakulembani ntchito."

Atabwerera kumudzi anaitana mlamu wake, mchemwali wake ndi ena apabanja kuti abwere pakhonde paja. Anatenga nsalu ziwiri, naika kansanza pakati, nasoka onse akuona. Pamsoko panatukuka. Anapereka singano kwa mlamu wake.

"Boolani, alamu."

Malume anaboola.

"Katuluka?"

"Ayi. Koma nsalu simera tsitsi."

"Chikopa chimamera. Taonani mkono wanuwo."

Ena anaseka. Telalayo anasomola msoko ulusi umodziumodzi, natulutsa kansanza kathunthu, naika m'dzanja la mlamu wake. Malume anakatembenuzatembenuza. Mwina anakhulupirira, mwina ayi. Telalayo sanadikire. Ananyamula Mwandida, namuika pamsana pa azakhali ake, namanga yekha chitenje. Mwana anatsamira pakhosi pawo, n'kuyamba kuseweretsa mpango.

Abambo anzanga, ndi inu amayi, mwana wanu akakhala ndi kachotupa kosapweteka, kokula pang'onopang'ono, musakafinye, musakaboole, musakateme. Si chotupa chilichonse chili ngati ichi, n'chifukwa chake ayenera kukaona ndi achipatala. Akanena kuti n'kathumba kobadwa nako, dziwani kuti sikatha kokha, koma kamachotseka, ndipo ana ambiri amachira bwinobwino. Mukamva kuti muli tsitsi, musayambe kufunsa amene anameta mwana. Berekani mwanayo, ngakhale akusekeni pabawo. Ndipo mukabwerako, ngati pali amene munamulanda mwana m'manja, kamubwezereni.