Nambala Imene Katongo Anaibisa

Chaka chimene migodi ya ku Kitwe inkagulitsidwa, m'chipinda cha makompyuta pa mgodi wina munali anthu awiri ofuna mpando umodzi. Eni atsopano anali ataneneratu kuti woyang'anira mawaya adzatsala mmodzi, winayo azikaona zina. Katongo anali atakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo waya uliwonse ankaudziwa ngati mwana wake. Mayi Lombe anali ndi zaka zitatu zokha pantchitoyo, koma mutu wawo unkagwira, ndipo chimenecho ndicho chinkamuwawa Katongo.

Vuto linali pa waya wolumikiza ofesi ndi kuchitsime kumene anthu amatsikira pansi. Makina akale ankalongolola pawayapo tsiku lonse, aliyense kulengeza dzina lake popanda womufunsa, mpaka uthenga wofunika unkayenda ngati nkhono. Lombe anati mankhwala ake ndi sefa. Uthenga uliwonse wa makina akalewo umanyamula nambala pamphumi, yosonyeza mtundu wake. Wa kompyuta yaikulu unali ndi 04, wa alongololo aja F0. Ukalemba manambala ololedwa, sefayo imadutsitsa okhawo, ndipo nambala imene sinalembedwe imatayidwa osafunsa.

Bwana Sichone, mkulu wa nthambiyo, anaombera Lombe m'manja pamaso pa onse. Katongo anamwetulira ndi mano okha, mumtima muli chithupsa.

Tsiku lotsatira, Lachiwiri, Lombe anabwera ndi pepala la manambala ololedwa.

"Ba Katongo, inu ndinu nkhalakale muno. Taonani manambalawa, ngati pali amene ndasiya mundiuze."

"Aaa, ife a sukulu ya pansi pa mtengo tingakuuzeni chiyani, amayi a ku koleji?"

"Musatero, achimwene. Makina enawa munaika ndinu, ine ndisanabwere n'komwe."

Katongo anayendetsa chala papepalapo, ndipo anaona msanga chimene chinkasowa. Kuchitsime kunali kamakina kowerenga nyali. Munthu akamatsika amatenga nyali, akatuluka amabweza, ndipo kamakinako kankauza ofesi amene adakali pansi. Katongo ndiye anakalumikiza yekha kalekale, nambala yake inali 8E, ndipo sanailembe m'buku lililonse, poti ankati chimene udziwa wekha ndicho chimakusunga pantchito. Anaganiza kuti sefa ikangoyamba, kamakinako kadzakhala chete, mayiyu adzachita manyazi, iye n'kubwera ngati mpulumutsi.

"Onse alipo," anatero.

"Ndiye sainani m'munsimu."

Anasaina mokongoletsa, mpaka kukoka kamchira.

Sefa anaiyatsa Lachitatu la sabata yotsatira, m'mawa. Waya unapepuka, makalaliki akusangalala kuti zinthu zikuthamanga. Katongo anadya nkhomaliro yake ya kapenta mwakachetechete, khutu lili ku foni.

Inalira itangokwana 2 koloko. Gulu la m'mawa linali litatuluka, koma ku ofesi kunkaonekabe kuti anthu mazana awiri ali pansi. Lamulo la mgodi silinyengerera: saphulitsa miyala ngati pali munthu mmodzi yemwe wosadziwika kumene ali. Ntchito inaima. Mbiri inathamangira kukomboni, monga imachitira, itakula kale, yoti anthu atsekeredwa pansi, ndipo azimayi anadzaza pageti, ena ana ali kumsana, akulira amuna awo amene anali m'bafa akusamba bwinobwino. Zimenezo Katongo sanaziganizire.

Sichone analowa thukuta lili kamukamu, mmodzi wa eni atsopano ali pambuyo pake.

"Mayi Lombe, sefa yanu ija yatipha!"

Lombe anati azimitsa sefa yonse kuti afufuze bwino. Apa Katongo anaona kuti nthawi yake yakwana. Anaimirira, kukonza tayi.

"Tapatukani, amayi. Izi n'za akuluakulu."

Anakhala pampando, nalemba 8E pa mndandanda wa manambala ololedwa. Sanatsegule buku, sanaimbe foni kuchitsime, sanakande ngakhale mutu. Nthawi yomweyo mayina a anthu ooneka ngati ali pansi aja anayamba kuchoka pakompyuta mmodzimmodzi mpaka osatsala ndi mmodzi yemwe. Anatembenuka akuyembekeza kuomberedwa m'manja.

Palibe amene anaomba. Sichone ankamuyang'ana ngati akumuona koyamba.

"Ba Katongo, nambala imeneyo mwaitenga kuti?"

"Ili m'mutu muno, bwana. Kamakinako ndinaika ndine."

"Ndiye Lachiwiri la sabata yatha lija inali kuti?"

Lombe anangotsegula kabati, natulutsa pepala lija, n'kuliika patebulo. Siginecha ija inali pomwepo ndi kamchira kake.

"Ndinaiwala, bwana."

"Munaiwala sabata yathunthu, n'kukumbukira lero m'kuphethira kwa diso? Pitani pageti mukawauze azimayi aja kuti munaiwala."

Kunena zoona, mpando uja unali wa Katongo. Zinadziwika pambuyo pake kuti Sichone anali atalemba kale kalata yomupatsa mpandowo, poganizira zaka zake, ndipo Lombe ankamupezera malo ku Ndola. Kalatayo anaing'amba madzulo omwewo. Mwezi usanathe Katongo anatuluka pageti lomwe lija atanyamula kapu yake ya tiyi ndi tayi m'thumba, ndipo ntchito yoyamba imene Lombe anagwira pampandowo inali kulemba 8E m'buku, kuti aliyense aione. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.